Mwendo Umodzi Ukatupa

Amene mwakhala kumbuyo sendererani kuno kuti timvane bwino, pakuti nkhani ya lero ndi ya moyo.

Tikamba za magazi. Nonse mumadziwa zimene zimachitika tikapha mbuzi. Magazi timawalandirira m'mbale kuti tiphike uwende. Poyamba amakhala amadzimadzi. Tikawasiya kanthawi pang'ono amagwirana n'kukhala chinthu chimodzi. Apo timati magazi aundana.

Kuundana kumeneku si koipa ayi. Mukadzitema ndi chikwanje, magazi amatuluka, kenaka amaundana pabalapo n'kutseka. Pambuyo pake pamabwera nkhanambo. Pakanapanda zimenezi, kabala kakang'ono kakanatha kupha munthu.

Choopsa ndi pamene magazi aundana m'kati mwa mtsempha, pamalo popanda bala. Amapanga m'bulu. M'buluwo umatseka njira ya magazi monga mmene zinyalala zimatsekera ngalande. Zimenezi zimakonda kuchitika kwa munthu amene wadwala kwambiri mpaka kugonekedwa m'chipatala. Dziko lonse linazionera pa matenda a Covid-19.

Zimene madokotala anaona

Matenda a Covid-19 anayamba kudziwika mumzinda wa Wuhan ku China mu December chaka cha 2019. Kuno ku Malawi odwala oyamba analengezedwa pa 2 April 2020. Ambirife tikukumbukira January wa 2021, pamene maliro anali ponseponse. Poyamba anthu ankayesa kuti ndi matenda a m'mapapo basi, ofanana ndi chibayo. Koma madokotala anayamba kudabwa. Wodwala ankaoneka kuti akupezako bwino, kenaka mwadzidzidzi n'kubanika, n'kumwalira.

M'chaka cha 2020, madokotala a mumzinda wa Hamburg ku Germany anapima mitembo 12 ya anthu amene anamwalira ndi matendawa. Mwa anthu 12 amenewa, 7 anapezeka ndi mibulu ya magazi m'mitsempha ya m'miyendo. Pamene anali moyo, palibe amene anaganiza kuti ali ndi vutoli. Ndipo anthu 4 chimene chinawapha ndi m'bulu umene unatseka mitsempha ya m'mapapo.

Chaka chomwecho ku Netherlands anawerenga odwala mwakayakaya 184 m'zipatala zitatu. Anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse magazi anamuundana. Tawerengani anthu amene mwakhala nawo pamzere umodzi, muwagawe atatu atatu, muone kuchuluka kwake.

Tsono musachite mantha opitirira. Amenewa anali odwala kwambiri, opumira m'makina, ndipo kunali kumayambiriro kwa mliri. Munthu amene wadwala pang'ono n'kuchira ali kunyumba, ngozi yake ndi yochepa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza mu May 2023 kuti Covid-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Komabe phunziro lake silinathe. Chimfine chachikulu cha H1N1 chimene chinabuka mu 2009 chinachitanso zomwezi kwa ena ogonekedwa. Amene ali ndi kachirombo ka HIV, makamaka pamene thupi lafooka, naonso magazi ao saachedwa kuundana. Ndipo matenda alionse ogoneka munthu pabedi masiku ambiri akhoza kubweretsa vutoli.

Nanga magaziwo amaundana chifukwa chiyani?

Zifukwa zake ndi zitatu, ngati mafuwa. Madokotala amazitchula ndi dzina la Rudolf Virchow, dokotala wa ku Germany. Iyeyu analemba mu 1856 kuti mibulu yopezeka m'mapapo a akufa imachokera m'mitsempha ya kutali, makamaka ya m'miyendo.

Fuwa loyamba ndi kuima kwa magazi. Apa ndifotokoze pang'onopang'ono, chifukwa ndi pamene inu mungathandize kwambiri. Mtima umapopa magazi kupita thupi lonse. Kutsika kupita kumapazi n'kosavuta. Koma nanga pobwerera? Kuchokera kuphazi kukafika kumtima ndi chitunda. Amene amakankha magazi pachitundapo ndi akatumba a m'miyendo. Tagwirani katumba wanu, kuseri kwa mwendo, pansi pa bondo. Tsopano gwedezani phazi, zala ziloze kumwamba, kenaka pansi. Mwamva kuti katumba akulimba n'kumasuka? Akalimba amafinya mitsempha, magazi n'kukwera. M'kati mwa mitsemphayo muli tizitseko totseguka mbali imodzi yokha, toletsa magazi kubwerera pansi. Munthu akamayenda, ntchito imeneyi imachitika yokha. Akagona pabedi masiku atatu, anayi, sabata, osagwedeza miyendo, magazi amayenda mwaulesi. Amakhala ngati madzi a m'thamanda. Kuseri kwa tizitseko tija ndi kumene m'bulu umakonda kuyambira.

Fuwa lachiwiri ndi kuonongeka kwa mtsempha. M'kati mwa mtsempha wabwino ndi mosalala, magazi amangodutsa. Matenda aakulu a kachirombo amatupitsa m'katimo n'kumachititsa zilonda zosaoneka ndi maso. Magazi akafika pamenepo amayesa kuti pali bala loti atseke, ndiye amaundana.

Fuwa lachitatu ndi magazi eni ake. Thupi likamalimbana ndi matenda aakulu limachulukitsa zinthu zoundanitsa magazi. Onjezanipo kutentha thupi, thukuta, kutsegula m'mimba ndi kusamwa madzi. Magazi amakhala okonzeka kugwirana.

Mwaona tsono. Wodwala matenda aakulu a kachirombo amene wagonekedwa m'chipatala, mafuwa onse atatu ali pamoto. Wagona osayenda, mitsempha yatupa, magazi asintha.

Ena ngozi yao ndi yokulirapo kuposa anzao: okalamba, onenepa kwambiri, odwala khansa, amene angochitidwa opareshoni kapena athyoka mwendo, ndi amene vutoli linawachitikirapo kale. Amayi, imvani apa. Mayi woyembekezera ndi amene wangobereka kumene, mpaka masabata 6, magazi ake saachedwa kuundana. Mapiritsi ena olerera amaonjezanso ngoziyi pang'ono. Sindikunena kuti musiye kumwa ayi. Ndikunena kuti mukagonekedwa, muwauze anamwino kuti mukumwa mapiritsi akutiakuti. Musachite manyazi, iwo anazolowera.

M'bulu ukathothoka

M'bulu wa m'mwendo paokha umapweteka ndi kutupitsa mwendo. Koma chimene chimapha ndi ulendo wake. Chidutswa chikathothoka chimatengedwa ndi magazi. Chimakwera ntchafu, n'kudutsa m'mimba, n'kulowa mumtima. Njira yonseyi mitsempha imanka ikula, ndiye palibe choimitsa. Chikatuluka mumtima chimalowa m'mapapo. M'menemo mitsempha imagawikana ngati nthambi za mtengo, kunka icheperachepera. Chidutswa chija chimakakamira pamene sichingathe kudutsa. Magazi amalephera kukatenga mpweya. Chikakhala chachikulu, munthu akhoza kumwalira pa mphindi zochepa, ali pakati polankhula.

Kumudzi imfa yotere timaidziwa. Timati, "Komatu anali atachira, dzulo lomweli anadya nsima." Kenaka timayamba kulozana zala. Agogo ena osalakwa amatukwanidwa, mabanja amadana. Sindinena kuti imfa yadzidzidzi iliyonse ndi ya m'bulu wa magazi. Koma ina ndi imeneyi, ndipo kawirikawiri thupi limakhala litachenjeza.

Chenjezo loyamba lili m'mwendo. Mwendo umodzi umatupa, unzake uli bwinobwino. Mau akuti umodzi muwasunge. Katumba amapweteka, makamaka poima kapena poyenda. Mukaukhudza umamveka wotentha kuposa unzake. Khungu likhoza kuoneka lonyezimira kapena lodera. Ngati mukukayika, tengani kachingwe. Zungulizani katumba wa mwendo wabwino, muike chizindikiro. Kenaka zungulizani winayo pamalo ofanana. Anamwino amayesanso motero ndi tepi, ndipo kusiyana kopitirira masentimita 3 amakutenga ngati chizindikiro. Koma mwendo ukamapweteka musadikire kuti kachingwe kakuuzeni. Miyendo yonse iwiri ikatupa, kawirikawiri chifukwa chake chimakhala china, monga mtima kapena impso. Imeneyonso ndi nkhani ya kuchipatala.

Chenjezo lachiwiri lili m'chifuwa, ndipo limeneli ndi lothamangira. Munthu amabanika mwadzidzidzi. Amapuma mofulumira ngati wathamanga, chonsecho wangokhala. M'chifuwa mumabaya akamakoka mpweya. Mtima umagunda mothamanga. Ena amatsokomola magazi, ena amachita chizungulire n'kukomoka. Nthawi zina zimenezi zimabwera mwendo usanatupe n'komwe.

M'bulu ukhozanso kutseka mtsempha wa mu ubongo. Pakamwa pamapotoka, mkono umodzi umalefuka, mau samveka. Imeneyonso siidikira kuti kuche.

Ntchito ya wodwazika

Ine ndine mphunzitsi, ndipo zoyeza ndi zopereka mankhwala ndi za madokotala. Koma tonse tikudziwa mmene zipatala zathu zilili. Namwino mmodzi amayang'anira odwala ambiri. Amene amakhala pambali pa bedi usana ndi usiku ndi wodwazika. Ndiye amene amamusambitsa wodwala, ndiye amene amaona miyendo yake m'mawa uliwonse. M'masiku a mliri odwazika sankaloledwa kulowa kumene kunali odwala Covid-19. Koma m'mawodi ena onse wodwazika alipo, ndipo maso ake ndi ofunika.

Posambitsa, yang'anani miyendo yonse iwiri pamodzi. Mukaona kuti umodzi wakula, uzani namwino nthawi yomweyo. Nenani mwaulemu koma momveka: "Anamwino, mwendo wamanzere wa amayi watupa kuyambira usiku, ndipo akuti ukupweteka." Ngati atanganidwa, dikirani pang'ono, mubwerezenso. Dokotala akamazungulira m'mawa, nenaninso. Kumeneko si kuvuta ayi.

Funsaninso kuti, "Kodi odwalawa angathe kudzuka n'kuyendako?" Akavomera, agwireni mkono, muyende nawo pang'ono m'wodimo, kangapo patsiku. Ife timaganiza kuti kukonda wodwala ndi kumuletsa kudzuka. Timamufunditsa, timamubweretsera zonse pabedi, timati, "Gonani, musadzivute." Chikondi chimenecho chikapitirira chimaundanitsa magazi. Ngati sangathe kudzuka, azigwedeza mapazi ali chigonere, monga tachitira muja, kakhumi kapena kupitirira, nthawi iliyonse akakumbukira. Azipinda mawondo n'kuwaongola. Wofooka kwambiri mumuthandize ndinu, ndiponso muzimutembenuza. Madzi azimwa okwanira, pokhapokha ngati dokotala waletsa, pakuti odwala mtima ndi impso ena amawayezera madzi.

Zimenezi ndi zoteteza, mwendo usanatupe. Ukatupa, zinthu zasintha. Apa mundimvetsetse, chifukwa manja athu achifundo ndi amene angaphe munthu. Mwendo wotupa motere musautikite. Musausisite ndi mafuta, musauthowe mokanikiza ndi madzi otentha. Kufinyako kukhoza kuthothola m'bulu uja, n'kuutumiza kumapapo. Musatemerenso mphini. Ndikudziwa kuti ena adzati waponda mankhwala panjira, ena adzati ndi tsempho. Sinditsutsana ndi akuluakulu pano. Ndingopempha kuti muyambe mwapita kuchipatala tsiku lomwelo. Mphini imangocheka khungu, pamene m'bulu uli m'kati, pafupi ndi fupa.

Kuchipatala chachikulu amauona m'buluwo ndi sikani, makina ofanana ndi amene amaonera mwana m'mimba mwa mayi woyembekezera. Siipweteka. Ngati pachipatala chanu chaching'ono palibe, akupatsani kalata yopita nayo kuchipatala cha boma. Kalatayo musagone nayo.

Za mankhwala

Pofuna kuteteza wodwala wogonekedwa, madokotala amabaya jakisoni wa mankhwala otchedwa heparin, kapena m'bale wake enoxaparin. Ndi kajakisoni kakang'ono kobaya pakhungu la pamimba. Odwala ena amakakana. Amati, "Ine ndikudwala chifuwa, nanga pamimba pakulowa bwanji?" Tsopano mwadziwa chifukwa chake, mukawafotokozere. Pobayapo pakhoza kuda pang'ono, koma si choopsa.

Si wodwala aliyense amene amapatsidwa jakisoniyu. Mankhwala oletsa magazi kuundana akhoza kuchititsa kuti munthu ataye magazi. Amene ali ndi zilonda za m'mimba zotuluka magazi, kapena wavulala m'mutu, akhoza kupwetekedwa nawo. Alipo matenda enanso a kachirombo, monga Ebola, amene amatha kutulutsa magazi. Choncho woganiza ndi dokotala. Inu mbali yanu ndi kufunsa. Paja amati safunsa anadya phula.

M'bulu ukapezeka, mankhwala amakhala amphamvu kuposa oteteza aja, ndipo amamwedwa nthawi yaitali, kawirikawiri miyezi itatu kapena kupitirira. Anthu amati ndi mankhwala osungunula magazi, koma kwenikweni ntchito yake ndi kuletsa m'bulu kukula. Thupi ndi limene limausungunula lokha pang'onopang'ono. N'chifukwa chake simuyenera kusiya mankhwala poti mwendo waphwa.

Mapiritsi odziwika kwambiri ndi warfarin. Mudabwa kumva kuti poyamba, mu 1948, ankagulitsidwa ngati mankhwala ophera makoswe. Khoswe akadya wambiri ankafa ndi kutaya magazi m'kati. Mu 1954 anavomerezedwa ku America kuti anthu azimwa pa mlingo wochepa, ndipo apulumutsa anthu ambiri. Nkhani ya makosweyi ndainenera dala, kuti mudziwe kuti mlingo wake si woseweretsa. Womwa warfarin amayezedwa magazi pafupipafupi, ndipo tsiku loyezetsa lisaphonyedwe. Mukaiwala kumwa, musamwe awiri mawa lake. Musagawire mnzanu. Asungeni patali ndi ana. Mayi woyembekezera samwa warfarin, chifukwa amaononga mwana m'mimba. Iye amapatsidwa jakisoni uja.

Warfarin amakangana ndi mankhwala ena ambiri. Amakangana ndi mankhwala a TB, ndi ma ARV ena, ndi mankhwala ena azitsamba. Tengani zonse zimene mumamwa mukawaonetse adokotala. Ndiwo zamasamba monga mpiru ndi bonongwe zimachepetsa mphamvu yake, koma musasiye kudya. Muzingodya monga mwa masiku onse, osati lero mphika wonse, kenaka sabata yathunthu osalawa. Mowa ndiye muupewe.

Mukaona kamfuno wosaleka, magazi m'nkhama, magazi m'mkodzo, chimbudzi chakuda ngati makala, kapena mutu wopweteka modabwitsa, bwererani kuchipatala msanga.

Wina anena kuti, "Bwanji ndingogula Aspirin pagolosale, paja amati amachepetsa kuundana kwa magazi?" Ku Britain anayesa zimenezi pa odwala Covid-19 ogonekedwa pafupifupi 15,000. Theka anapatsidwa Aspirin, theka sanapatsidwe. Zotsatira zinatuluka mu 2021. Aspirin sanachepetse imfa. Ndipo mukaphatikiza Aspirin kapena Brufen ndi warfarin, ngozi yotaya magazi imakula. Musadzipatse nokha.

Ndikudziwa kuti ena muli ndi funso la katemera. Munamva kuti katemera wa AstraZeneca, amene anafika kuno mu March 2021, ankaundanitsa magazi. Ndi zoona kuti zinachitika, koma kwa anthu ochepa zedi, osafika mmodzi pa anthu 10,000. Matenda eni ake ankaundanitsa magazi a anthu ambiri kuposa pamenepo, kutalitali. Katemera ameneyo anasiya kupangidwa, ndipo mu 2024 anachotsedwa pamsika.

Akatuluka m'chipatala

Tsiku lotuluka timasangalala, ndipo n'koyenera. Koma ngozi siitsala pachipata cha chipatala. Ku Sweden anatsatira anthu opitirira 1 miliyoni amene anadwala Covid-19, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2022. Anapeza kuti ngozi ya m'bulu wa m'mwendo inakhalabe yokwera mpaka miyezi itatu, ndipo ya m'mapapo mpaka miyezi 6. Inali yaikulu kwambiri kwa amene anadwala mwakayakaya.

Choncho musanachoke m'wodi, funsani ngati pali mankhwala opitiriza kunyumba, ndi tsiku lobweranso. Zilembedwe m'buku la kuchipatala, ndipo muwerenge nokha musananyamuke. Pamene simukumvetsa, namwino akuwerengereni. Ngati ulendo wobwerera kumudzi ndi wautali, wodwala asakhale chopinda miyendo maola ambiri. Basi ikaima, atsike, aongole miyendo.

Kunyumba asamangokhala pamphasa tsiku lonse. Lero afike pakhonde, mawa pankhokwe, mkuja kwa aneba. Ntchito zolemetsa ayambe wadikira, koma kuyenda ayambe msanga.

Chomaliza ndi mayendedwe. Kubanika kumakonda kubwera usiku, ndipo nthawi yambiri imatayika pofunafuna chokwera. Konzekeranitu wodwala akangofika. Dziwani wa njinga yamoto kapena wa galimoto amene mungamudzutse, ndipo nambala yake ilembedwe pachikuto cha buku la kuchipatala. Padera pakhale kandalama ka mafuta kosakhudzidwa. Munthu wobanika asayende wapansi, ndipo asapalase njinga yekha. Munyamuleni atakhala tsonga, wina amugwirire kumbuyo. Mukafika musakhale pamzere. Pitani kutsogolo, muuze woyamba kukumana naye kuti, "Awa anagonekedwa mwezi watha, tsopano abanika mwadzidzidzi." Ngati mwendo unatupa, nenaninso zimenezo, ndi tsiku limene unayamba.

Amene muli ndi mafunso, imikani mkono.